Minda ndi Manda: Momwe Kamangidwe ka Ndakatulo Kamasenzera Nkhani

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amaphunzira sekondale ku Ulongué. Mwezi wa Seputembala adabwera kwathu kope lili m'manja, nati aphunzitsi awauza kuti aliyense alembe ndakatulo yosimba nkhani, yoti ikalakatulidwe pa 4 Okutobala, tsiku lomwe dziko lathu limakumbukira mtendere womwe udasainidwa ku Roma mu 1992. Iye adasankha kusimba za agogo ake, omwe ndi amayi anga, momwe adabwerera kumudzi kwathu m'tsinde mwa phiri la Domwe atakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku Dedza akuthawa nkhondo. Ndime yoyamba idali iyi:

Nkhondo itatha tinabwerera,
Mitima yathu inakondwera,
Mudzi wathu tinaufikira,
Minda yathu tinailimira.

"Malume, mwaimva rima yake?" adafunsa, nkhope ili ngwee.

Ndidaimva ndithu. Rima ndi kugwirana kwa mawu kumapeto kwa mizere, ndipo apa mizere yonse inayi ikuthera pamodzi ngati anthu ovina amene aponda phazi nthawi imodzi. Koma ulendo umenewo ine ndidali nawo, mu 1993, ndili mnyamata nditasenza mphasa ndi ndowa, ndipo sindikumbukira mtima wa munthu ndi mmodzi yemwe ukukondwera titafika. Amayi adangoima pabwalo lomera tsekera, kukamwa kuli chete. Mawu akuti "inakondwera" adalowa m'ndakatulomo chifukwa "tinabwerera" amafuna mnzake womveka ngati iye. Nawo mawu akuti "tinailimira" adakhota njira. Kulimira ndi kulambula udzu pozungulira mbewu kapena nyumba, kapenanso kulima m'malo mwa munthu wina. Ife tidachita kuswa mphanje, pakuti minda idali itasanduka thengo. Mnyamatayu sadafune kunama. Adamvera khutu, khutulo n'kumutsogolera kutali ndi zomwe agogo ake adamuuza.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Kamangidwe ka ndakatulo sikali ngati thumba lomwe umangothiramo chimanga n'kuchitulutsa chili chomwecho. Kamasankha mawu oti alowe ndi oti atsale, kamasankha woyankhula komaliza, kamasankha malo omwe womvera apumire. Pa ndakatulo yosimba nkhani izi n'zazikulu kuposa pa ndakatulo yongoyamikira duwa kapena mwezi, chifukwa nkhani ili ndi eni ake, ili ndi zomwe zidayamba ndi zomwe zidatsatira, ndipo liwu limodzi lolakwika likhoza kusandutsa maliro kukhala phwando.

Rima yomwe mphwanga amainyadirayo tidaiphunzira kusukulu, m'Chipwitikizi. Tonse amene tidadutsa m'kalasi kuno ku Tete tidamvapo za Luís de Camões ndi Os Lusíadas, ndakatulo yaitali yosimba ulendo wa Vasco da Gama wopita ku India, yomwe idasindikizidwa mu 1572. Ili ndi zigawo 10 ndi ndime 1102, ndime iliyonse mizere 8, mzere uliwonse maphatikizo 10. Mzere woyamba, wachitatu ndi wachisanu imathera mofanana. Wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi nayo imathera mofanana mwa mtundu wake. Iwiri yomaliza imagwirana yokha. Tamverani ntchito yomwe kamangidwe kameneka kamagwira. Mizere isanu ndi umodzi yoyambayo imalukana, uku n'kutsegula, uku n'kutsegulanso, nkhani ikuyenda ngati ngalawa pa mafunde. Kenaka iwiri yomaliza ija imatseka chitseko, gwa! Nthawi zambiri ganizo la ndime limathera pamenepo, ndipo khutu likamva mawu awiri akugwirana motero limavomera kuti mlandu wagamulidwa. Palibe mpata woti womvera alowetsepo lake. M'chigawo choyamba cha ndakatuloyi zombo zimafika pa Ilha de Moçambique, ndipo anthu a pachilumbapo timawaona m'maso mwa alendowo. Wogamula ndi mlakatuli yekha, ndime ndi ndime, nthawi 1102. Ndi ntchito ya luso lozama, sindikutsutsa. Koma tizidziwa kuti mawu ogwirana bwino kumapeto amamveka ngati choonadi, ngakhale pamene ali maganizo a munthu mmodzi.

M'Chipwitikizi rima ili ndi kulemera kwake chifukwa mawu ake amathera m'njira zambiri. Ena amathera pa r, ena pa l, ena pa s kapena z, ena m'mphuno monga coração, ndipo mphamvu ya liwu imatha kugwera pa phatikizo lomaliza, lachiwiri kapena lachitatu kuchokera kumapeto. Kupeza mawu awiri ogwirana kumafuna kusaka, tsono akapezeka khutu limadabwa. Amor ndi dor, chikondi ndi ululu, akakumana kumapeto kwa mizere, womvera amamva kuti zinthu ziwirizi zili pa chibale.

Chichewa chidapangidwa mwa mtundu wina. Mawu athu amathera pa lembo la liwu, ndipo malembo a liwu tili nawo asanu okha: a, e, i, o, u. Kuwonjezera apo aneni athu pafupifupi onse amathera pa a: kudya, kugona, kulira, kuseka, kufa. Akatenga mchira wofanana, monga -ira, -itsa, -ana kapena -idwa, amagwirana maphatikizo awiri athunthu popanda aliyense kukhetsa thukuta. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kukundandalikirani aneni makumi awiri othera pa -era musanamalize kapu ya tiyi. Tsono rima yotere siuza womvera kanthu katsopano. "Tinabwerera" ndi "inakondwera" sizikugwirana chifukwa kubwerera ndi kukondwera zili pa chibale. Zikugwirana chifukwa onse ndi aneni, basi. Choipa china n'chakuti mlakatuli akaika mtima pa rima yotereyi amakankhira mneni kumapeto kwa mzere uliwonse, monga mphwanga adachitira ndi "Mudzi wathu tinaufikira". Kamodzi zimamveka bwino, pakuti timayankhuladi choncho pofuna kutsindika. Koma mizere makumi anayi yotsatizana ikamangidwa motero, nkhani imayenda chotsimphina ngati njinga yopindika wilo.

Palinso china chomwe pepala limabisa. Chichewa chimakweza ndi kutsitsa mawu, ndipo kukwera kumeneko kumasintha tanthauzo. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa thumba la mbatatesi pamsika wa ku Calómuè amalembedwa mofanana, koma pakamwa amasiyana. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona nawonso ndi choncho. Mizere iwiri ikhoza kuoneka yogwirana m'kope, koma polakatula wina n'kuthera m'mwamba, wina pansi. Ndakatulo ya Chichewa iyenera kuyesedwa ndi pakamwa, mokweza, pamaso pa munthu wina.

Nanga khutu la Mchewa limatchera pati? Yankho lili m'miyambi yomwe timanena tsiku ndi tsiku osaiganizira. Walira mvula walira matope. Magawo awiriwa sakugwirana kumapeto, "mvula" ndi "matope" sizifanana n'komwe. Akugwirana kumayambiriro, ndipo chifukwa "walira" wabwera kawiri, khutu limaika mvula ndi matope pa sikelo imodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mverani cha-, cha-, chi-. Chinthucho sichikutchulidwa dzina, koma mgwirizanitsi wake akuyenda nacho kuchokera kwa mnzako mpaka pakhomo pako, ngati mapazi a chinthu chosaoneka. Nyimbo ya chiyankhulo chathu ili kutsogolo kwa mawu, chifukwa dzina lililonse lili ndi gulu lake, ndipo mawu onse otsatira dzinalo amavala chovala cha gulu limenelo.

Ichi ndi chuma chomwe alakatuli a Chipwitikizi alibe, ndipo chimakhudza tanthauzo mwachindunji. Ndikati "nkhondo ija idabwera usiku" ndanena zomwe zidachitika. Ndikati "chinkhondo chija chidabwera chokha, chidadya chomwe chidapeza", nkhondoyo yamera mano ndi miyendo, ndipo chi- ameneyu akumveka ngati kupuma kwa chinthu cholusa pakhomo. Ndikati "mwana wanga uja wagona" ndi nkhani wamba, koma "kamwana kanga kaja kagona" ndi mtima wa mayi uli panja. Ife a kuno, kwa eni Gule Wamkulu yemwe UNESCO idamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi anzathu a ku Malawi ndi Zambia, tikuchidziwa bwino chimenechi. Pabwalo sitinena kuti wafika. Timati chilombo chafika, zilombo zatuluka. Gulu la dzinalo likuchotsa wovinayo pakati pa anthu n'kumuika kwina, ndipo nyimbo yonse yotsatira imalemekeza malire amenewo. Mlakatuli wosimba nkhani amene amasankha gulu la dzina mosamala wagamula kale momwe timuonere munthu kapena chinthucho, asananene ngati n'chabwino kapena choipa.

Ndidamuuza mphwanga kuti atseke kope, apite akakhale pa mphasa ndi agogo ake, awafunse chinthu chimodzi chokha: tsiku lothawa lija mudasiya chiyani? Adabwera ndi zinthu zinayi. Tidakhala tonse pakhonde madzulo awiri, iye akulemba, ine ndikumvera, mpaka tidafika apa:

Adasiya mtondo uli chiimire, munsi uli m'kati,
adasiya nkhuku ili pa mazira,
adasiya moto uli pa mafuwa,
adasiya mwana wawo woyamba
ali chigonere pansi pa msuku.

Palibe mizere iwiri yothera mofanana, koma palibe amene angamve izi n'kunena kuti si ndakatulo. Chomwe chagwira mizereyi ndi "adasiya", wobwera kanayi, ndi "uli, ili, uli, ali" wotsatira pambuyo pake. Katatu koyamba womvera akuphunzira njira: chinthu cha pakhomo, chosiyidwa ntchito yake ili m'kati. Mtondo ukudikira wosinja, nkhuku ikudikira anapiye, moto ukudikira mphika. Pofika kachinayi khutu likuyembekeza chinthu chinanso cha pakhomo, mwina mbuzi, mwina nkhokwe. Likulandira mwana. Mwanayo, yemwe adali mkulu wanga, adamwalira ali wakhanda nkhondo isanatifike, ndipo mawu akuti imfa kapena manda sakutchulidwa paliponse. Koma popeza wamangidwa m'chiganizo chofanana ndi cha mtondo ndi moto, naye akumveka ngati akudikira kuti amayi ake abwere adzapitirize. Umo ndi momwe amayi adamvera zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo. Chibwereza chanena zomwe mawu osabisa sakadatha kunena popanda kuchititsa manyazi mwini nkhani.

Onaninso pomwe mzere wachinayi wadukira. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto pamene woyankhula afika popumira: timati kumuudzi, pakhoomo, woyaamba. Kukokako sikuchitika pa liwu lililonse m'kati mwa chiganizo, kumachitika popumira. Ndiye kuti mlakatuli akasankha podula mzere, wasankha liwu lomwe likokedwe. Tikadalemba mizere iwiri yomalizayo ngati umodzi, "woyamba" akadadutsa mothamanga. Pamene tauduliramo, liwulo likukokedwa, mpweya ukuima, ndipo kwa kamphindi womvera akuganiza kuti amayi adasiya mwana wamoyo. Mtima ukuti phwii. Mzere wachisanu ndiwo ukumasula, komabe osatonthoza.

Ndime ya kubwerera tidaimanga pa mafupa omwewo, dala:

Adapeza mtondo uli chigonere, chiswe chitaudya m'mimba,
adapeza mafuwa ali atatu,
moto palibe.
Adapeza msuku utabereka,
masuku ali mbwee pansi.
Sadatole.

Womvera akukumbukira ndime yoyamba, tsono akuwerengera yekha. Mtondo udali chiimire, tsopano uli chigonere, ndipo "chigonere" ameneyu ndi yemwe adali wa mwana uja, ndiye mtondo ndi mwana zakumana popanda wina kuziloza. Nkhuku sikutchulidwanso, ndipo mpata umene yasiyawo ukumveka chifukwa tidaiyembekeza. Mizere ikufupikirafupikira. Woyamba ndi wautali wodzaza pakamwa, womaliza ndi liwu limodzi la maphatikizo anayi. Mayi wa ku Angónia, woyenda mtunda ndi njala, n'kupeza masuku akupsa ali mbwee, osatola ngakhale limodzi: aliyense wa kuno akudziwa kulemera kwa zimenezo. Mzerewo ukadatalikitsidwa kuti ufanane ndi anzake, kapena kuti upeze rima, tikadawonjezera "chifukwa mtima unawawa", ndipo tikadalanda womvera ntchito yake.

Ndikhalepo pang'ono pa mvekero, pakuti "mbwee" ameneyo sadagwere pamenepo mwangozi. Mvekero ndi liwu lomwe limaonetsa chinthu m'malo mochifotokoza: zii, mbee, psuu, balala, khuma, nyomi. Limakonda kukhala kumapeto kwa ganizo, pamalo pomwe wolemba Chipwitikizi akadaika rima, ndipo limagwira ntchito yofanana, yoimitsa khutu ndi kukhomera chithunzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mvekero samafuna mnzake womveka ngati iye, tsono sakakamiza mlakatuli kunama. Amatha ngakhale kusenza chochitika chonse. "Mfuti phuu, anthu balala, mudzi zii" ndi nkhani yathunthu, yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, m'mawu asanu ndi limodzi. Ndimadandaula ndikaona ana a sukulu akuchotsa mvekero m'zolemba zawo poganiza kuti ndi mayankhulidwe a kumudzi osayenera pepala. Amataya mkondo n'kutsala ndi ndodo.

Kamangidwe kena kakale kuposa zonsezi ndi ka nthano. Agogo akati "Padangokhala", ana amati "Tilitonse", ndipo amapitiriza kuyankha choncho pa mpumiro uliwonse. Anthu ena amaona ngati kuyankhaku ndi kongoletsa ana kuwodzera. Kumaterodi, koma kumachitanso china chachikulu: kumadula nkhani m'mizere. Wosimba sangathe kunena chiganizo chotalika ngati msewu wa ku Zóbuè, ayenera kupereka ganizo limodzi, apume, alandire "tilitonse", apitirize. Nthano yabwino ikalembedwa monga momwe idanenedwera, mpumiro uliwonse mzere wake, imaoneka ngati ndakatulo pa pepala, chifukwa ndi ndakatulo kale. Ndipo apa liwu lomaliza la mzere uliwonse ndi la omvera. Yerekezani ndi ndime ya mizere 8 ija yomwe imatseka yokha chitseko. Kumeneko mlakatuli ndi woweruza. M'nthano wosimba amapempha chilolezo mzere ndi mzere, ndipo omvera akaleka kuyankha nkhani yafa. José Craveirinha, mlakatuli wa dziko lathu amene adalandira mphoto ya zolembalemba ya Prémio Camões mu 1991, adazindikira mphamvu imeneyi pomwe adatcha buku lake la 1974 Karingana ua Karingana, mawu omwe Aronga a kummwera amatsegulira nawo nthano monga ife timachitira ndi "Padangokhala". Adalemba m'Chipwitikizi, koma khomo lolowera adalitenga pabwalo la kwawo.

M'kati mwa nthano mumakhala nyimbo, ndipo nyimboyo ndi phunziro lina kwa aliyense wofuna kusimba nkhani m'ndakatulo. Taganizani nthano zija za kambalame koulula chinsinsi cha munthu amene wapha mbale wake kuthengo. Kambalame kamaimba mawu omwewo katatu kapena kanayi, osasintha ngakhale phatikizo. Koyamba kamaimba kuthengo, womva ndi wakuphayo yekha, ndipo nyimboyo ndi chikumbumtima. Kachiwiri kamaimba panjira, atakaponya kale mwala n'kukapha, ndipo nyimboyo tsopano ndi mantha, pakuti chophedwa chauka. Kachitatu kamaimba pa denga la nyumba anthu onse ali pabwalo, ndipo nyimboyo yasanduka umboni pa mlandu. Mawu ndi amodzimodzi, tanthauzo lasintha katatu, chifukwa nkhani yayenda pansi pake ngati madzi pansi pa mlatho. Oimba bangwe amachitanso chimodzimodzi: amasimba, n'kubwerera ku mzere umodzi womwe onse akuudziwa, n'kusimbanso. Azimayi pa mtondo nawo, munsi ukagwa ndiye mpumiro, ndipo dandaulo la m'banja limanenedwa m'zidutswa zolingana ndi kugwa kwa munsiwo. Mzere wobwerezedwa m'ndakatulo yosimba nkhani uyenera kuyesedwa ndi funso limeneli: pobwera kachiwiri, kodi wapeza nkhani ili pomwe adaisiya? Ngati ili pomwepo, mzerewo wangodya malo.

Za nthawi ndinene mwachidule. Kwathu kuno "adapita" amaika chochitika patali, m'dziko la kale, pamene "wapita" amachibweretsa pakhomo, fumbi lisanakhazikike. Ndakatulo ikhoza kuyenda ndime zisanu ndi -da-, kenaka mwadzidzidzi n'kunena "wafika", ndipo womvera amadzidzimuka ngati mlendo wagogoda. Pofuna liwiro tili ndi n'ku-: n'kunyamula mwana, n'kuzima nyali, n'kulowa m'chimanga, n'kuwoloka. Palibe dzina la wochita, palibe nthawi, miyendo yokha. Ndime ya usiku wothawa mphwanga adaimanga motero, ndipo polakatula mpweya umamuthera, monga udawathera agogo ake.

Kodi tsono rima tiitaye? Ayi, ndipo pano ndimasiyana ndi anzanga ena amene amati rima ndi katundu wa atsamunda basi. Abale athu olankhula Chiswahili, chiyankhulo chomwe mawu ake amatheranso pa malembo a liwu asanu ngati athu, akhala akusimba nkhani zazitali ndi rima kwa zaka mazana. Ndakatulo yawo yotchedwa utenzi imakhala ndi ndime za mizere inayi, mzere uliwonse maphatikizo 8. Mizere itatu yoyamba imathera mofanana, ndipo mathero amenewo amasintha ndime ndi ndime, koma mzere wachinayi umathera pa liwu limodzi lomwelo kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ngakhale ndimezo zikhale mazanamazana. Imodzi mwa zakale kwambiri zodziwika, Utendi wa Tambuka, ndi ya 1728. Mathero osasinthawo ndi chingwe chomwe womvera amagwira nkhani ikamayenda mitunda, ndipo kwa ine amamveka ngati "tilitonse" wolowetsedwa m'kati mwa ndakatulo. Rima yawo idapatsidwa ntchito. Imeneyo ndiyo mfundo.

M'Chichewa rima imapeza ntchito ikakumanitsa mawu awiri omwe kufanana kwawo kumapweteka kapena kudabwitsa, makamaka mayina, osati aneni ovala mchira umodzi. Minda ndi manda asiyana lembo limodzi. Malire ndi maliro chimodzimodzi, ndipo ife okhala m'mphepete mwa malire, amene tidaika abale athu tsidya lina n'kubwerera tsidya lino, sitifuna wotimasulira. Anthu ndi zinthu ali ndi tsinde limodzi, chosiyanitsa ndi gulu lokha. Mphwanga adagwiritsa awiri omalizawa pa ndime ya kumsasa wa othawa nkhondo:

Tidawoloka tili anthu,
pa mzere wa ufa adatiwerenga ngati zinthu.

M'ndakatulo yake yonse ya ndime zisanu ndi ziwiri, malo okhawo ndi pomwe mizere iwiri ikugwirana kumapeto. Chifukwa ndi pokhapo, khutu limaima. Ikadakhala kuti mizere yonse ikugwirana, awiriwa akadamira m'gulu ngati mbuzi yakuda usiku. Ndidamuchenjeza chinthu chimodzi: mizere iwiri yotere imatseka chitseko ngati ija ya Camões, imamveka ngati chigamulo, tsono ayenera kutsimikiza kuti agogo ake akuvomereza chigamulocho. Anthu a ku Malawi adatilandira, othawa nkhondo ochokera kuno adafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko laling'ono lija, ndipo ambiri adatigawira malo ndi ndiwo ngati abale, poti ndife abaledi. Adakawafunsa. Iwo adati mzere wa ufa udali wotero ndithu, munthu umasanduka nambala pa khadi, koma awonjezere ndime ya mayi wa ku Dedza amene adawabwereka mtondo zaka zonsezo osawawerengera. Ndime imeneyo adaiika pambuyo pa mizere iwiri ija, yopanda rima, yoyamba ndi "adatibwereka" katatu, ndipo chitseko chidatsegukanso.

Nditafunsidwa ndi aphunzitsi a Chinyanja m'sukulu zathu, zomwe zina mwa izo zakhala zikuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri kuyambira 2003, ndikadapempha kuti mwana asamayambe ndi funso lakuti mizere ithera pa chiyani. Ayambe ndi kufunsa kuti nkhaniyi ikuyenda bwanji. Ngati ndi ya ulendo wopita ndi kubwera, imange ndime ziwiri zoyang'anizana. Ngati ndi ya chinsinsi chomwe chikukula, ipeze mzere umodzi wobwerera. Ngati ndi ya mlandu wa pabwalo, ikhale ndi mawu awiri oyankhana. Ngati ndi yotamanda mfumu kapena kholo, monga Angoni a kwa Maseko amachitira, iunjike mayina ndi zochita, chimodzi pamwamba pa chinzake, mpaka munthuyo ataima wamtali pamaso pathu.

Kutatsala masiku atatu kuti 4 Okutobala ifike, mphwanga adakalakatula ndakatulo yonse pamaso pa agogo ake, iwo ali pa mphasa akusola nyemba. Adamvera mpaka pa "Sadatole", manja ataima m'lichero. Padapita kanthawi. Kenaka adati, "Wanena bwino, mdzukulu wanga. Koma nkhuku ija sidali pa mazira. Idali itaswa kale dzulo lake. Anapiye adali asanu ndi awiri, ndidawavundikira ndi dengu kuti mphamba angawatenge, ndimati tibwera mawa."

Mnyamata adandiyang'ana. "Malume, ndiye mzere wachiwiri uja wagwa."

Adakhala pa chitsa, kope pa bondo, n'kufufuta "nkhuku ili pa mazira". Adalemba "adasiya anapiye ali m'dengu", n'kuunena mokweza kawiri, n'kuona kuti "ali" ameneyu tsopano ndi yemweyo wa mwana wa pansi pa msuku. Adafunsa agogo ake ngati dengulo adalipeza pobwerera. Iwo adati adalipeza, lili chivundikire.